Tsiku limene atate anagwira munsi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene m'mimba munkandipota m'mawa uliwonse. Tinkakhala kwawo kwa amayi, kufupi ndi Sinda, ndipo amayi anagamula okha kuti ndi njoka za m'mimba. Anandimwetsa mizu yowawa yoti ngakhale mbuzi ikanalavula. Njokazo sizinatuluke, poti munalibemo. Munali mantha okhaokha.

Chaka chimenecho ng'amba inapsereza chimanga chathu chisanamasule, ndipo amuna ambiri ankakwera lole pamsewu waukulu kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Halale. Atate ake a mnzanga Malita anapita choncho kalekale, moti Malita sankakumbukanso nkhope yawo. Tsono nditaona atate anga akusoka zigamba pajekete lawo la kutchalitchi pakati pa sabata, ndinadziwiratu zimene zinkabwera. Iwo ndi amayi sankakangana ayi. Bola akanakangana! Ankangokhala duu, ndipo ine ndikatulukira onse awiri ankandimwetulira ndi mano okha. Kumeneko ankati kunditeteza.

Kwathu mkazi zikamulemera mumtima ankapita nazo pamtondo. Zimene sakanatha kunena pamaso pa mwamuna kapena apongozi ankaziika m'nyimbo, ndipo panalibe amene ankatengedwera kubwalo chifukwa cha nyimbo yapamtondo.

Masana ena ine ndi amayi tinkakonola chimanga chimene anakasuma kwa abale a ku Katete. Atate anali pamthunzi wa nkhokwe, akusema mpini. Amayi anayamba kuyimba za tambala amene wakhuta nawo mudzi, maso ali kumsewu. Ndinati ndivomereze. Koma kamunsi kanga katatsika, ndinangodzimva ndikuyimba zangazanga:

"Jekete lasokedwa, ee,
Esinati afanana ndi Malita, ee."

Amayi anaima, munsi uli m'mwamba. Kasemasema wa atate nayenso anati zii.

"Esinati, wayimba chiyani iwe?" anafunsa amayi.

"Ndi nyimbo chabe, amama. Nyimbo ilibe mlandu."

Atate anadzuka, n'kubwera, n'kulanda munsi m'manja mwa amayi. Mwamuna kugwira munsi dzuwa likuswa mtengo, pamudzi pa apongozi ake! Amayi aang'ono, amene ankapeta chapafupi, anagwetsa lichero. Atate anasinja ngati akukhomera chikhomo cha mbuzi, chimanga chinangoti mwaa pansi, nkhuku n'kuyamba phwando. Ndipo ndi mawu awo aakulu a m'kwaya aja anayimba:

"Ndimati mwatopa nane, ee,
mkamwini wa nkhokwe yopanda kanthu, ee."

"Inu atate ake Esinati!" anatero amayi, manja ali m'chiuno. "Ndani wati watopa nanu? Ine ndinali kuyesa ndinu mwakhuta nafe!"

"Nanga munali kukhaliranji chete, amake mwana?"

"Nanga inuyo? Bweretsani munsiwo musanatimalizire chakudya!"

Anaseka mpaka amayi anakhala pansi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, mamina ali chuchuchu, ndipo mumtima munapepuka ngati ndatula mtsuko.

Tsiku lomwelo anandikhazika pakati pawo n'kundiuza zonse osabisa. Chakudya chinalidi chochepa, ulendo wa ku Halale atate anauganiziradi, koma tsopano anati tikatsegula dimba kudambo, ine ndizikathirira nawo. Njala inatiluma chaka chimenecho, sindinama, ndipo masiku ena tinkagonera maungu. Koma m'mimba simunandipotenso, ndipo jekete lija linakalambira kutchalitchi. Amuna anzawo anawaseka atate mpaka kukolola kwina, iwo n'kumangoyankha kuti nkhuku za pamudzi sizinaone msinji wabwino ngati iwo.

Lero ndine wokalamba, ndalera ana ndi zidzukulu, ndipo nanenso ndapezekapo ndikumwetulira ndi mano okha. Ife makolo tikapanikizika timayesa kuti kukhala chete ndi chifundo. Sitidziwa kuti mwana waona kale jekete, ndipo zotsalazo akudziuza yekha, zoopsa kuposa zenizeni. Njala imene anandiuza ndinaipirira bwinobwino. Chimene chinandidwalitsa ndi chimene anandibisira pofuna kuti ndisadwale.