Kumene Anabadwira a Jose

A Jose anabadwira m'njira, chaka chomwe mayi awo ankathawa nkhondo ya ku Mozambique. Mayiwo mpaka kumwalira ankanena kuti matenda anawayamba atawoloka kale malire pa Chiponde. Azakhali awo ankakana, amvekere, "Ayi mlamu, tinali tisanawoloke." Mwanayo anakula osadziwa woti amukhulupirire, ndipo sizinkamupweteka. Ankangomva ngati ali ndi kwawo kuwiri.

Ku koleji ndi kumene anakumana ndi fizikisi ya tinthu tosaoneka ndi maso. Anaphunzira kuti elekitironi, isanayezedwe, imatha kukhala m'mikhalidwe iwiri nthawi imodzi, yoloza kumwamba ndi yoloza pansi, koma ukangoiyeza umapeza umodzi basi. Tsiku limenelo anayenda wapansi mpaka kumsika osadziwa chomwe akukagula.

Atayamba kuphunzitsa pa sekondale ina ku Mangochi, ana anawazolowera kuti ndi aphunzitsi osiyira chiganizo panjira, choko m'manja, maso ali pawindo kuyang'ana mabwato pa Shire. Nkhani ya elekitironi sinali ya mayeso, komabe ankaibweretsa.

"Akatswiri ena amati kuyezako ndi kumene kumatsala ndi yankho limodzi," ankatero. "Ena amati ayi, dziko limagawikana, mayankho onse awiri n'kuchitika, lililonse m'dziko lake. Mpaka lero sanagwirizane."

Akazi awo, a Nadia, ankawaseka. "Ndiye m'dziko linalo munakonza kale denga lija?"

Tsiku lina m'nyengo ya mango kunyumba kwawo kunabwera nkhalamba yogulitsa usipa wouma, a Simioni, kudzapempha madzi akumwa. Pocheza, atamva dzina la mayi a Jose anakhazika kapu pansi.

"A Lusia? Ndine ndinawanyamula panjinga. Pamene munabadwira ndikupadziwa, mwanangu."

A Jose anazengereza mpaka mango anayamba kutha, kenako anakwera njinga yamoto ndi nkhalambayo. Anadutsa pachipata cha malire pa Chiponde, n'kupatukira kanjira ka m'minda ya chinangwa. A Simioni analoza mtengo waukulu wa mango.

"Apa. Malawi mwaisiya kumbuyo uko."

A Jose anakhala pansi n'kutsamira mtengowo. Mphepo inkanunkha mango owola, njuchi zili ng'ung'ung'u. Sanamve chimwemwe chomwe ankayembekezera. Anamva ngati wina amene ankayenda naye chibadwire wawatsanzika mwakachetechete. Anatsinzina, n'kuona mnyamata wa nkhope yawo akupalira chinangwa, akuimba m'Chipwitikizi, osawayang'ana n'komwe.

"Mwakhumudwa?" anafunsa a Simioni.

"Ayi, agogo. Kungoti ndinazolowera kusadziwa."

Anatola bango limodzi lomwe linali litangogwa, anadya, njere n'kuika m'thumba. Kunyumba a Nadia anaidzala kuseri kwa bafa, n'kumaithirira madzi otsukira mpunga. Inamera bwinobwino, masamba ofiirira, koma mbuzi za aneba zinaidya mvula isanathe.