Utsi Umene Timasungira Mbewu

Kutsokomola kwa anganga ndinkakudziwa kuposa belu la kusukulu. Katatu kafupikafupi, kenako kamodzi kotalika kochokera pansi pa chifuwa, kenako zii. Akatero ndinkamva akuuzira moto.

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi, bambo sindinawaone. Choncho m'mawa uliwonse ndinkakhala chete pamphasa, kudikira chifuwa chimenecho kuchokera kukhitchini. Ndikachimva mtima unkakhala pansi: anganga adzuka, ndikadali ndi munthu. Sindinkadziwa kuti chimene chinkandilimbitsa mtimacho n'chomwe chinkawadya.

Anganga atamwalira, anthu pamaliro anati ndi ukalamba. Inenso ndinavomera.

Loweruka lapitali ndinakumvanso kutsokomola kuja, pakhomo pomwe paja, kwathu kwa Nazombe. Katatu, kenako kamodzi kotalika. Amene ankatsokomola ndi mayi anga aang'ono, a Dailesi, omwe anatsala pakhomo pa anganga ndipo akulera adzukulu atatu. Iwowa si nkhalamba. Amalima okha, amasenza thumba la nandolo kuchokera kumunda osapumira panjira.

Mwezi watha anapita kuchipatala chifukwa chifuwacho sichikutha. Anawayeza makhololo, TB sanaipeze. Adokotala anawafunsa kuti amaphikira pati, ndipo atamva yankho anawauza kuti atalikirane ndi utsi, apo ayi chifuwacho chidzafika posabwerera. Amayi aang'onowo anandiuza zimenezi pafoni akuseka.

"Akuti ndithawe utsi. Ndithawire kuti, Maliko? Anawa azitafuna nandolo wosaphika?"

N'chifukwa chake sindinapite ndekha. Ndinadzera pa Chiringa kukatenga a Saidi, mmisiri wa malata amene amakhoma ndowa ndi mbaula. Iwowa amadziwa kupanga chinthu chimene amachitchula kuti chipewa: lata lotambalala kunsi, lopapatiza kumwamba, lopachika pamwamba pa moto, ndi paipi yotulukira kudenga. Utsi ukamakwera umalowa m'chipewamo n'kutuluka kunja. M'makhitchini a m'tauni zoterezi zimakhala ndi fani ya magetsi yokoka utsi ndi nthunzi ya mafuta. Cha a Saidi sichifuna magetsi, chimangodalira kuti utsi wotentha umakwera wokha ukapeza njira.

Tili panjira ndinawafunsa kuti apanga zingati.

"Chimodzi," anatero. "Cha malo odyera ena pamsika paja. Komatu mwini wake sanandiitane chifukwa cha mayi wophikayo. Mayi ameneyo wakhala akulira misozi mmenemo zaka ndi zaka. Anandiitana chifukwa odzadya ankadandaula kuti malaya awo akununkha mafuta a tchipisi."

Mawu amenewa muwasunge. Tiwafuna patsogolopa.

Khitchini ya amayi si ija ya anganga. Ija inali yofolera ndi udzu, ndipo inagwa ndi mvula ya mkuntho. Abale tinasonkhana n'kumanga ina ya njerwa zootcha, tinaifolera ndi malata, tinanyadira. Zenera sitinaike. Ena anati mphepo ya kuphiri izizimitsa moto, ena anati akuba azisuzumira nkhuku, pakuti nkhuku zimagona momwemo. Ine ndinalipo tsiku limenelo, ndinanyamula nawo njerwa. Palibe anaganiza kuti udzu uja unkapuma. Utsi unkadutsa pang'onopang'ono pakati pa udzu, koma lata silidutsa kanthu. Tinawamangira amayi chitini chotseka, n'kuchitcha chitukuko.

Tsiku limene tinafikalo amayi ankaphika kalongonda, nyemba zolimba zija. Amene mumamudziwa mukudziwa kuti safuna changu: amabwadamuka tsiku lonse, madzi kutaya, kuthira ena, kutayanso. Nkhuni zake zinali mapesi a nandolo ndi zisononkho, pakuti mitengo kuno inatha. Utsi unkatuluka pakhomo, mbali ya kumwamba yokha, ngati bulangete lotuwa. Amayi anatulukira pansi pake atawerama, maso ali psuu.

A Saidi anali atangotambasula tepi yawo yoyezera pamene belu la njinga linalira. Anali amalume a Fulaide, mchimwene wawo wa amayi, mwinimbumba wathu. Amakhala kutsidya kwa mtsinje kumene anakwatira, koma nkhani inali itawafika kale.

"Ndamva kuti abwana a ku boma abwera kudzaboola denga."

"Kabowo kakang'ono, amalume. Kongokwana paipi."

"Mvula ya kuno imayamba yafunsa kukula kwa bowo?"

"Timamata ndi phula, achimwene," anatero a Saidi, "pamwamba pa paipi n'kuvundikira. Likadontha mudzabwere mudzaboole langa."

Amalume sanaseke. "Denga si nkhani. Iwe Maliko, tabwera uone."

Anawerama n'kulowa m'khitchini, ine pambuyo. Analoza kumwamba. Pamtanda wa denga panali chimanga cha mbewu, chomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake, chakuda bii ndi mwaye.

"Chamakolo ichi. Amayi anachilandira kwa amayi awo, amene anabwera nacho kuchokera ku Mozambiki. Chikuchisunga n'chiyani? Utsi. Uutulutse utsiwo, anankafumbwe amaliza mwezi usanathe. Ndiye dzinja likafika tidzabzala chiyani, nyuzi zako umalembazo? Chimanga ichi sichinaphonyepo chaka n'chimo..."

Sanamalize. Chifuwa chinawagwira, anatembenuka, anagunda mutu pamphuthu n'kutulukira panja akupukuta maso ndi chisoti. M'khitchinimo anakhalamo nthawi yosakwana kumanga zingwe za nsapato.

"Dailesi, nkhuni zakozi n'zaziwisi."

"N'zouma, achimwene. Ndi mmene mumakhalira muno."

Ndinayesa kunena kuti mbewu ikhoza kusungidwa m'chigubu chotseka bwino, chouma, chothira phulusa. Amalume anapukusa mutu.

"Zimenezo ukalembe mu nyuzi. Amayi anaphika mu utsi mpaka kukalamba. Kodi anafa ndi utsi? Dengali lisakhudzidwe."

Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuti akulu akalankhula, pakamwa pake n'potseka, ndipo ndakula nacho chizolowezicho. A Saidi anapinda tepi yawo, anatsanzika, anakwera njinga.

Ndiye poti amalume anati ndikalembe mu nyuzi, ndalemba.

Amalume, sindine dokotala, ndipo anganga sanayezedwe. Koma inu munkabwera pakhomo paja Lamlungu masana, chakudya chitapsa kale, n'kudyera pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkagona pamenepo. Ndinkawamva m'mawa uliwonse. Ndinkaona chimene ankalavula kuseri kwa khitchini, chakuda ngati mwaye womwewo, n'kukwirira ndi phazi kuti ndisaone. Zaka zawo zomaliza sankatha kufika kutchalitchi osakhala pansi kawiri panjira. Tonse tinati ukalamba. Mlongo wanu lero akutsokomola chimodzimodzi. Nayenso wakalamba?

Owerenga, musaganize kuti amalume anga ndi munthu wopusa kapena wankhanza. Zimene ananena za mbewu n'zoona. Utsi umathamangitsadi anankafumbwe, ndipo banja lopanda mbewu mvula ikagwa limadziwa chimene chikubwera. Chimene chikundipsetsa mtima n'chakuti tinakhala pansi kuganizira za chimanga, tinapeza njira yochitetezera, koma za munthu amene amakhala pansi pa chimangacho sitinaganize n'komwe. Utsi umene kachilombo sikangapirire, tikuti mayi apirire. Katatu pa tsiku, chaka chonse, nthawi zina ali ndi khanda kumsana.

Tayang'anani pakhomo panu pomwepo. Nkhokwe tinaikweza pamiyala kuti pansi pazidutsa mphepo. Khola la mbuzi tinasiya mipata. Chigafa cha fodya, kwa amene amalima, amachiyeza mbali imene mphepo imachokera. Ngakhale chimbudzi, masiku ano tinaphunzira kuikamo paipi yotulutsa fungo. Cha amalume chili nayo paipi yoteroyo, yakuda, yaitali, imaonekera uli kumsewu. M'chimbudzi munthu amakhalamo nthawi yochuluka bwanji? Nanga m'khitchini?

Kusiyana kwake mukukudziwa. Kuchimbudzi amapitako aliyense, ndi abambo omwe. Kukhitchini sapitako.

Nyumba timamanga amuna. Pabalaza timaika mazenera awiri agalasi, padenga sola, kuti tizionera mpira. Khitchini imadikira njerwa zotsala, zobenthuka, ndi malata akale ochotsa panyumba yaikulu. Womangayo sadzakhalamo. Wodzakhalamoyo safunsidwa. Akadandaula timati nkhuni n'zaziwisi, kapena sadziwa kusonkha moto. Mtsikana akatuluka m'khitchini akupukuta misozi, azakhali ake amamuseka kuti kubanja akathako bwanji. Tafika pomayesa kupirira utsi ngati khalidwe labwino.

Ndipo a m'tauni musamwetulire. Mnzanga wina ku boma kuno anandionetsa khitchini ya nyumba yake yatsopano: matailosi, makabati, ndi chokoka utsi cha magetsi chonyezimira, pulasitiki yake isanamatulidwe. Anachiyatsa kuti ndimve kulira kwake, n'kuchizimitsa. Chakudya chimene tinadya tsikulo chinachokera kuseri, m'kachipinda kopanda zenera, mmene mayi wantchito ankaphika pa mbaula ziwiri za makala. Chokoka utsi chili kumene kulibe utsi. Kumene kuli utsi kuli munthu.

Mwakumbukira mawu a a Saidi aja? Malaya a odzadya anadandaulidwa ndipo chipewa chinapachikidwa sabata yomweyo. Mapapo a wophika analibe wowadandaulira.

Timakonda kunena kuti ndi umphawi. Zina ndi umphawi, inde. Gasi ndi magetsi si za aliyense, ndipo amayi anga aziphikabe ndi mapesi chaka chino ndi chamawa. Koma kuchotsa njerwa zinayi pansi pa denga kuti utsi upeze potulukira, ndi umphawi umene ukutiletsa? Kumanga kakhumbi kopanda makoma kophikiramo nthawi ya chilimwe? Lata limodzi ndi paipi? Zimene tikusowa si zipangizo. Tikusowa munthu woti alowe m'khitchinimo, akhale pansi pafupi ndi mafuwa mpaka nyemba zitapsa, kenako atuluke anene ngati zili bwino.

Bambo amene mukuwerenga izi, munalowamo liti m'khitchini ya kwanu moto ukuyaka? Sindikunena zosuzumira pakhomo kufunsa ngati zapsa. Ndikunena kulowa, n'kukhala. Mungathe mphindi zingati?

Ine amene ndikufunsa sindine wosalakwa. Ndinamva chifuwa cha anganga ubwana wanga wonse, ndinanyamula njerwa za khitchini yopanda zenera, ndipo Loweruka ndinaima pamaso pa amalume manja ali kumbuyo. Ndinadya kalongonda uja chakumadzulo, anali wokoma, ndinatsanzika. Ndinaganiza kuti nkhani ya chipewa yathera pomwepo.

Ndinali pamsewu, pansi pa mtengo wa bulugamu, kudikira kabaza, pamene ndinaona amayi akubwera ndi thumba pamutu. Ankayenda mofulumira, ndipo atafika anayamba aima kaye kuti mpweya ubwerere. Anatula thumbalo m'manja mwanga. Linali lolemera, ndipo linkanunkha khitchini.

"N'chiyani ichi, amayi?"

"Mbewu ya anganga ako. Ndatsitsa yonse."

"Amalume akudziwa?"

"Adziwa akadzayang'ana kudenga, ngati angapirire kuyang'anako." Anapukuta manja pachitenje. "Iwe wati chigubu ndi phulusa. Kasunge kwanu ku bomako. Mvula ikayandikira ubwere nayo, ndipo ndikadzapeza kachilombo ngakhale kamodzi, udzayankha wekha kwa amalume ako, ine sindidzakuthandiza."

"Ndamva."

"Tsopano utsi uja ulibe choti uzilondera. Uwauze a Saidi abwere Lachiwiri m'mawa. Achimwene amapita kumsika tsiku limenelo."

Anali atatembenuka kale. Moto anausiya wokha, anatero, ndipo adzukulu aja sakhulupirika. Analowa kanjira ka pakati pa minda ya nandolo osacheuka, ine n'kutsala ndi thumba pachifuwa, malaya onse ali mwaye.