Tsiku Limene Ilinca Anabweza Sitima

Ilinca Sârbu anatsika sitima padoko la Constanța, m'mbali mwa Nyanja Yakuda, atanyamula chikwama chimodzi, popanda womuperekeza. Anzake amene ankadya nawo tebulo limodzi anangokhala ngati atanganidwa ndi zingwe. Mabwana anali atamuonetsa msana wa njira, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake.

Inu amene munalakwitsapo chinthu mpaka dzina lanu kuipa nacho, khalani pansi mumve.

Sitimayo inkafufuza zimene zabisika m'nthaka ya pansi pa nyanja. Pantchito imeneyi amatsitsira m'madzi timakina tomvera, tomangiriridwa pachingwe chachitali. Timakinato n'tachigoba cholimba, ndiye a m'sitima amangotitchula kuti akamba. Sitima ina imadutsa pamwamba ikuwomba mpweya m'madzi mwamphamvu. Phokosolo limaboola nthaka n'kubwerera, akamba aja n'kumasunga zimene amva. Koma kamba aliyense ali ndi wotchi m'mimba mwake, ndipo asanalowe m'madzi wotchiyo iyenera kufanana ndi ya sitima. Mukaphonya pamenepo, kamba amamva ndithu, koma sadziwa kuti wamva nthawi yanji. Zonse zimene wasunga zimasanduka phokoso lachabe.

Kukonza mawotchiwo ndiyo inali ntchito ya Ilinca. Tsiku lina, mphepo ikuwathamangitsa, anatsitsa mzere wonse wa akamba osawakonza. Chakumapeto mtima unamugunda kuti china chake chalumphidwa, koma anatseka pakamwa. Anali mwana wa msodzi wa ku Sulina amene nyanja inamumeza, ndipo ntchito iyi ndiyo inali chinthu chokha chabwino chimene chinagwerapo pakhomo pawo. Anaopa. Patapita milungu akamba atavuulidwa, nkhani inadziulula yokha, ndipo sitima zonse ziwiri zinabwereza ntchito.

Mkulu wa ntchitoyo, bambo Octavian Manea, sanakalipe n'komwe.

"Kulakwa aliyense amalakwa," anatero. "Ine ndikufunsa chimodzi. Unadziwa?"

"Ndinkakayikira, bwana."

"Ndiye unasunga pakamwa pako n'kutaya mwezi wa anthu onsewa. Kalongedze."

Anthu a ntchito imeneyi ndi ochepa, ndipo miseche yawo imayenda msanga kuposa sitima zawo. Kulikonse kumene Ilinca ankagogoda, dzina linali litafika kale. "Si ndinu Mayi Wotchi aja?" Akatero chitseko n'kutsekeka mwaulemu.

Anayamba kugulitsa buledi wozungulira ngati mphete pafupi ndi depoti ya mabasi. M'nyengo yozizira zala zinkachita dzanzi mpaka kulephera kumanga pepala. Mayi ake ankamudandaulira pafoni: "Bwerera kuno, mwananga. Nyanja inatidyera kale mmodzi, sizikukwana?" Koma Ilinca ankafuna chinthu chimodzi chokha: kukweranso sitima, n'kukhala munthu amene anzake angamudalire.

Kuseri kwa doko kunali shedi yotsukiramo akamba obwera kunyanja. Woyang'anira anali mdala wina wogontha khutu limodzi, dzina lake Tudose, amene paunyamata wake ankamira pansi pa madzi kukonza sitima.

"Ntchito ilipo, mwanawe, koma ndi yonunkha," anatero. "Amene anali pano anathawa asanamalize sabata."

"Ine mphuno ndinasiya kunyumba, amalume."

Anayamba kupala tinkhono ndi ndere pazigoba za akamba, kuwatsuka ndi madzi opanda mchere, kuwaumitsa. Fungo lake linkamutsatira mpaka m'basi, anthu n'kumamusiyira mpando wonse. M'mawa uliwonse mdalayo ankamulonjera chimodzimodzi: "Mayi Wotchi, nthawi ili bwanji?" Miyezi yoyamba mawuwo ankamulasa, ankangozyolika. Tsiku lina anayankha: "Yoti musiye fodya, amalume, musanatikhosomolere mapapo pano." Tudose anaseka mpaka kugwira khoma. Kuyambira pamenepo anayamba kumuphunzitsa kutsegula akamba, kusintha mabatire, ndi kuzindikira amene ayamba kulowa madzi.

Zaka zinadutsa. Ilinca akaweruka ankapita kukaphunzira za magetsi. Mayeso oyamba analephera, analira, kenako analembanso.

Nthawi yonseyo ntchito ya akamba inkakula. Makampani amene kale ankakhutira ndi zingwe zokokedwa pamwamba pa madzi anayamba kufuna zomvera za pansi, poti pansi m'pachete ndipo zimamveka bwino. Ena ankasaka gasi, ena ankafuna kokwirira utsi wa m'mafakitale. Akamba amene ankabwera pa lole imodzi anayamba kudzaza shedi mpaka kudenga. Sitima zinachuluka, anthu odziwa ntchito n'kuchepa. Apa m'pamene Tudose anaimbira foni bambo Octavian, n'kuwaumirira mpaka anatopa naye.

"Ulendo umodzi, wongoyesa," anatero Octavian osamuyang'ana Ilinca kumaso. "Ukangophonya, phazi lako lisadzapondenso sitima."

Ulendowo unayamba bwino. Kenako linafika tsiku lina la dzuwa, masana, nyanja ikuwinduka pang'ono. Ilinca anali kumbuyo kwa sitima akutsitsa akamba mmodzimmodzi. Anawerama kuti atole golovesi imene inagwa, ndipo maso ake anagwera pakachingwe kolumikiza akamba ku wotchi ya sitima. Kanali lende, kozuka.

Kanazuka liti? Funde lija linamenya m'mawa? Atsika angati osakonzedwa? Sankadziwa. Palibenso wina amene anaona. Akanatha kungokalowetsa mwakachetechete, ndipo podzavuula akambawo patsogolo, ndani akanadziwa kuti zinachitika m'manja mwa yani? Ndikuuzeni mosabisa, maganizo amenewo anamufikira, ndipo anali okoma.

Anaimitsa makina otsitsira chingwe. Anakwera masitepe mpaka kuchipinda chowongolera sitima, kumene kunali Octavian.

"Bwana, imitsani sitima. Kachingwe ka wotchi kanazuka, sindikudziwa kuti nthawi yanji. Woyenera kukaona ndinali ine."

Nkhope ya Octavian inafiira. "Iwenso? Wotchinso?"

Wina pakona anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Ukudziwa kuti kubweza sitima iyi n'kutaya tsiku lonse?"

"Ndikudziwa, bwana. Ndikudziwanso kuti ntchito yanga yathera pano. Koma tikawavuula lero titaya tsiku. Tikawasiya titaya mwezi."

Octavian anatembenukira wowongolera sitima. "Bweza."

Anavuula mzere wonse. Akamba ambiri ndithu anali atatsika ndi mawotchi osakonzedwa. Anthu anagwira ntchito nkhope zili tsinya, ndipo palibe amene anamuyankhula Ilinca. Atamaliza anakapinda zovala zake, n'kukakhala yekha m'chipinda chodyera, msuzi wowawasa wa nsomba ukuzizira pamaso pake.

Octavian analowa, anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana naye.

"Akuti walongedza. Ukupita kuti, pakati pa nyanja?"

"Munanena kuti ndikangophonya..."

"Ndinanena. Ndipo ndakwiya, usaganize kuti sindinakwiye." Anasisita kumaso ndi manja onse awiri. "Tizingwe timazuka, mwanawe. Tidzazukanso. Ulendo uja ndinachotsa munthu wotseka pakamwa. Lero ndaona wina akukwera masitepe ndi miyendo yake kudzandiuza zimene sindinkafuna kumva. Ameneyo sindingamutaye. Idya msuziwo, mawa uli ndi akamba otsitsa."

Ilinca sanalire tsiku limene anamuchotsa ntchito. Koma apa misozi inagwera m'mbale, ndipo sanaibise.

Lero ndiye amatsogolera gulu lonse lotsitsa akamba, pa sitima zimene zimapita kutali kuposa Nyanja Yakuda. Akalandira antchito atsopano, amawasonyeza kaye batani loimitsira makina asanawasonyeze china chilichonse, n'kuwauza kuti aliyense ali ndi ufulu wolidina.

Mwina nanunso munagwa chifukwa cha dzanja lanu lomwe, ndipo anthu akukukumbutsani tsiku lililonse. Zimawawa, sindikukana. Koma musadziweruze kuti munatha. Landirani ntchito yonunkhayo, phunzirani, dikirani. Ndipo tsiku loyesedwa likadzafika, inu nokha mutaona cholakwika, musatseke pakamwa. Kwerani masitepewo ngakhale muli ndi mantha. Osataya mtima, abale anga, mwayi wachiwiri umafuna munthu wolimba mtima kunena zoona.