Cholengedwa Chomwe Chidagwadira Ng'ombe

Fumbi la chilimwe ku Lufita linkalowa ndi m'mano momwe, ndipo m'kanyumba ka vidiyo, kotsekedwa mawindo ndi masaka, linkasakanikirana ndi utsi wa jenereta ndi fungo la chipisi. Chaka chimenecho bambo anali atangowasamutsira kumeneko, m'boma la Chitipa, pa ntchito yawo yaupolisi, ine ndili kamtsikana kosadziwa Chitumbuka ngakhale liwu limodzi. Anzanga a m'kalasi ankandiyankhula mothamanga dala, ndikasowa choyankha n'kumaseka.

Loweruka lina masana tidaonera filimu yakalekale ya cholengedwa chochokera ku nyenyezi, chamutu ngati beseni, chomwe chombo chake chidagwera m'munda mwa mlimi. Pofuna kuonetsa ulemu, chidagwadira ng'ombe n'kuipatsa moni, poyesa kuti ndiye mfumu ya dziko lino. Chinkadya sopo, chinkathawa wailesi. Anthu adafa nalo phwete, kenaka Tusekile, mtsikana wamtali amene ankatsogolera ondiseka, adandiloza. "M'bale wake si uyu apa!"

Pofika Lolemba dzina linali litandimata: Wakunyenyezi. Mayi adati ndipirire, mlendo ndi mame, tidzasamukanso. Ine sindidafune kukhala mame. Pa nthawi yopuma mbuzi ina idalowa pabwalo la sukulu, ndipo ndidaitsatira n'kugwada pamaso pake ana onse akuona. Ndidaomba m'manja. "Monire, a fumu!" Tusekile ndiye adayamba kuseka mpaka kukhala pansi m'fumbi, kenaka adadzandidzutsa, nati mfumu sailonjera choncho, n'kundibwerezetsa mawuwo mpaka lilime litawongoka. Mvula yoyamba idatipeza tikupita limodzi kumtsinje, ine ndikumukalipira m'chinenero chake.

Posachedwapa mwana wanga adaipeza filimuyo pa foni, nati njachabechabe: chingwe chokokera chombo chikuoneka, mutuwo ndi pulasitiki. Sadaname, ndipo pakati pake imatopetsadi, nthabwala zina zidazizira kalekale. Koma amene adaipanga ankawadziwa manyazi a munthu wolakwitsa moni pagulu, ndipo sadachititse cholengedwa chija kupepesa ngakhale kamodzi. Mwana wangayo adakulira kumene aliyense amamumva akayankhula, sangazione zimenezo. Ndidamulanda foniyo n'kuibwezera poyambira. Iye aziwerenga zingwe, ine ndionera mpaka kumapeto.