Mapazi a Towera kuseri kwa chigafa

Ndikukumbukira Okutobala amene ndinaphunzira kuyang'ana pansi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo atangomwalira kumene. Iwo anali Mtumbuka wa kumpoto kwa Kasungu, koma tinkakhala kwawo kwa amayi ku Wimbe, tikulima fodya. Maliro atatha abale a bambo anabwerera kwawo, kupatula azakhali, mlongo wawo wa bambo, amene anati atsalire kuti azitikhazika mtima pansi. Ankatiphikira, ankatisambitsa, ndipo mng'ono wanga Towera, wa zaka zitatu, sankachoka kumsana kwawo. Tinkawakonda, ndisaname.

Tsiku lina ine ndi amayi tinalawirira kudambo kukathirira nazale ya fodya. Pobwerera dzuwa lili pamutu, tinapeza azakhali akugubuduka pabwalo. Ankati anangowodzera pang'ono, podzuka mwana palibe. Mudzi wonse unabalalika. Amuna anathamangira kuchitsime ndi nsungwi zazitali, ena kutchire akutchula afisi. Amayi anaitana dzina la Towera mpaka mawu anasasa. Kenako anasiya kuitana, nayamba kuyang'ana pansi. Ine ndinaganiza kuti mutu wawasokonekera.

Pabwalo panali patapondedwapondedwa. Koma kuseri kwa chigafa, momwe tinkaumitsira fodya, kunali kanjira kopita kumsewu, ndipo palibe amene anathamangirako. Amayi analowa m'nyumba, natuluka ndi kagalasi kamene bambo ankametera ndevu. Anamasula chitenje chapamwamba n'kundipatsa.

"Tambasula apa, upange mthunzi. Manja asanjenjemere."

Nthaka inali youma gwa, yoyera ndi dzuwa, yooneka yosalala ngati pozira. Sindinkaonapo kanthu. Amayi anagwada, naika galasi kunja kwa mthunzi, pafupi kwambiri ndi dothi. Analipendeketsa pang'onopang'ono mpaka kuwala kunalowa pansi pa chitenje chogona chammbali, monga limachitira dzuwa la m'mawa. Nzeru imeneyi anaitenga kwa bambo awo, amene anali mlenje. Pomwepo pansi panasintha. Kamchenga kalikonse kanakhala ndi mthunzi wake. Ndinaona podutsa nyerere, zala za nkhuku, kenako kaphazi ka mwana, tizala tonse tisanu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze.

"Chotsa chala," anatero osandiyang'ana. "Usapumirenso pafupi. Fumbi ili likafufutika, mwana wanga wapita."

Tinayenda chokwawa, ine ndi mthunzi, iwo ndi galasi. Dothi linkawotcha mawondo, thukuta linkandilowa m'maso, koma ndinalibe dzanja lopukutira. Pena mapazi ankasowa pa nthaka yolimba, amayi n'kumazungulira ndi galasi lija akunong'ona, "Ambuye, kamodzi kokha, ndionetseninso kamodzi kokha." Patsogolo pang'ono, pambali pa kaphazi kaja, panaoneka nsapato ya munthu wamkulu, yokhala ndi timabokosi ting'onoting'ono kunsi. Zinayendera limodzi. Kenako kaphazi kanatha, nsapato inatsala yokha, ndipo mthunzi wa m'chidendene chake unatalika.

"Waona kuzama kwake? Apa amunyamula."

Pamsewu tinapeza mzere wa matayala a njinga, itatembenuka kuloza kumpoto. Nsapato ija inabwerera kumudzi, tsopano yopepuka, mthunzi wake wochepa. M'mudzi mwathu akazi onse ankayenda opanda nsapato. Wovala zapulasitiki za timabokosi kunsi anali mmodzi yekha.

Azakhali tinawapeza atakhala pakati pa amayi ena, akulira nawo limodzi. Amayi anaima patsogolo pawo, mawondo ali magazi.

"Alamu, tatukulani phazi ndione."

Kulira kunatha nthawi yomweyo, ngati wina watseka mpopi. Azakhali anapukuta nkhope, nakonza duku lawo.

"Mlamu, ng'ombe zathu munadya kuno. Mwana wapita kwawo. Wamkuluyu takusiyirani, bwenzi mukuthokoza."

Amayi sanamwe ndi madzi omwe. Ananyamuka wapansi kutsata njinga ija. Anabwerako patapita masiku, mapazi atang'ambika, kumsana kulibe kanthu. Anapitanso, napitanso, fodya wa chaka chimenecho n'kupserera pa nazale. Kwawo kwa bambo akuluakulu ankangoti malowolo anaperekedwa, ana ndi a kwa bambo. Kwathu amalume ankati ana ndi a kwa mayi, koma ng'ombe zobweza analibe. Towera ndinadzamuonanso ali kale ndi mwana wake kumsana. Anandigwadira mwaulemu n'kundipatsa moni m'Chitumbuka, monga amachitira kwa mlendo.

Lero zidzukulu zanga zimadandaula kuti agogo ndi ovuta. Sindizisiya ndi munthu, kaya wa kutchalitchi, kaya wachibale, makamaka wachibale wokoma mtima. Mlendo akabwera ndimamupatsa mpando ndi madzi, koma ndimakhala pambali pake, osati maso ndi maso, chifukwa choyang'anidwa chamaso chilichonse chimaoneka chosalala. Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi ichi: amayi anawerenga fumbi lija osalakwitsa ndi phazi limodzi lomwe, komabe mwana sanabwerere. Pansi pamanena zoona, koma pamanena munthu atadutsa kale.