Kabakha Pansi pa Beseni

Mpaka lero, bakha akalira pafupi, manja anga amasiya chimene akugwira.

Inali nthawi ya chitaganya, ndili kamtsikana ka sukulu ku Nkhata Bay, bambo ali ku migodi ku Joni. Ndikuchokera kumsika ndinatola kabakha m'ngalande, konyowa, kakunjenjemera. Ndinakagoneka m'chipewa chakale cha bambo, n'kumakadyetsa usipa wosinja ndi ufa wa kondowole wonyowetsa. Posakhalitsa kanayamba kunditsatira paliponse.

Tsiku lina masana ndinaona anyaMhone, mayi woyandikana nafe, akubwera. Ndinadziwa chimene ankafuna, pakuti bakha wawo ndiye anali ndi ana masiku amenewo. Ndinakavundikira ndi beseni lachitsulo padzuwa pomwepo, n'kukhalapo pamwamba.

"Mwana wanga, sunaone kabakha kanga? Make akungozungulira, sakudya."

"Sindinakaone, ama."

Sanachoke msanga. Anakhala pakhonde n'kuyamba kufunsa za bambo ndi za sukulu. Pansi panga kabakha kankakanda beseni, ine n'kumatsokomola kuti asamve. Kenako kukandako kunaleka, ndipo ndinakondwa mumtima kuti kachenjera.

Atapita ndinavundukula. Kanali katagona chammbali, kukamwa kuli yasa, chakudya changa chikadali pamlomo. Ndinakakwirira m'munda wa chinangwa osauza munthu.

Make wa kabakha kaja anayamba kubwera pabwalo pathu tsiku ndi tsiku, kumaima n'kumalira. AnyaMhone atabwera kudzamupirikitsira kwawo, anapukusa mutu.

"Akanakatola munthu, bwenzi kali moyo. Ameneyu ndi kabawi basi."

Akanatha kupita ine ndili chete. Koma ndinayankha.

"Ndi kabawi ndithu, ama. Ndinamuona ndi maso anga."