Foni ya Malemu

Amuna anga anakhala ku Joni zaka zambiri opanda mapepala. Poyamba ankatumiza ndalama bwinobwino, ine n'kukatenga kwa ejenti pamsika wa Zingwangwa. Kenaka malamulo anavuta. Kumeneko anayamba kufunsa pemiti, kalata ya kuntchito, umboni wa pamene ukukhala, zinthu zimene munthu wogona m'galaja ya bwana wake sangakhale nazo. Tinayesa madalaivala a mabasi, koma envulopu inkanyamuka yonenepa n'kufika itawonda.

Ndiye anaphunzira za kiripito, ndalama za pa intaneti zija. Ndalama zawo zinkakhala m'foni, mu apu yomweyo imene tinkachezerapo, pambali pa zithunzi ndi mavoisi. Akafuna kundipatsa ya ndiwo ankatumiza kwa mayi wina wa saluni ku Naperi, mayiyo n'kundiikira makwacha pafoni yanga. Zotsala ankasunga momwemo, amati kwacha imasungunuka ngati mafuta a pamoto. Zinali za mwana wathu wamkazi, amene anali atangoitanidwa kusukulu ya unamwino. Nambala yotsegulira foniyo ndinkaidziwa. Panalinso kapepala ka mawu achinsinsi otengera ndalamazo foni ikatayika, koma ankasunga okha, ndipo sindinakaonepo.

Anadwala masiku atatu basi. Anzawo anasonkha, thupi linabwera pamsewu, pamodzi ndi chikwama chimodzi. Analandira ndi alamu anga, achimwene awo aakulu, amene amalondera kumafakitale n'kumakhala ku Ndirande.

Maliro tinakaika kwawo ku Nsanje. Titamaliza, abale anakhala pansi kugawa katundu wa malemu, monga mwa mwambo. Mkazi wamasiye amakhala pamphasa, mutu pansi, sayankhula. Nsapato zinapita kwa uyu, jekete kwa uyo. Kapepala kaja m'chikwamamo munalibe. Foni anatenga alamu, poti ndiwo aakulu.

Ndikanatha kukweza mutu n'kunena. Koma ndinawayang'ana anthu aja, mmene ankalimbiranira lamba wakutha, n'kudziwa kuti ndikangotchula kuti m'fonimo muli ndalama, nazonso zigawidwa pomwepo. Ndiye ndinakhala chete. Ndinati tikabwerera m'tauni ndidzaibwereka ngati ndikufuna zithunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinadziuza choncho, n'kumadziona wochenjera kwambiri.

Ine ndinatsala kumudzi sabata ina, kudikira kumeta. Nditabwerera ndinagula shuga ndi buledi, n'kukwera minibasi ya ku Ndirande. Ndinawapeza alamu pakhonde, foni ili m'manja.

"Alamu, ndimati mundibwereke kaye foniyo, nditengemo zithunzi za bambo a mwana."

"Aa, mwachedwa alamu. Inali yoloka, imangondifunsa manambala. Ndakaiflashitsa pamsikapa dzana. Anyamata aja ndi madolo, teni minitsi basi, afufuta zonse. Pano ili kilini ngati yamushopu."

"Zonse?"

"Zonse. Simu ya ku Joni ija ndataya, ndaikamo yanga."

Ndinkaganiza kuti nkhani ngati imeneyi munthu amakomoka nayo, kapena kukuwa mpaka oyandikana nawo kutuluka. Ine ayi. Sindinamve kalikonse. Ndinangoona kuti khondelo linali ndi mng'alu, ndipo nyerere zinali zitayamba kale kuupeza shuga uja. Mkwiyo umene ndimadziwika nawo mpaka kumphakati sunabwere. Ndikanakwiyira ndani? Munthuyo sanabe kanthu, sankadziwa n'komwe chimene wafufuta.

"Tandiikireni nambala yanu," anatero, akundipatsa. "Maso anga avuta."

Ndinailandira. Kumbuyo kwake kunali kothetheka pamene chala cha amuna anga chinkagwira. Ndinalemba nambala yanga, n'kubweza ndi manja awiri. Ndinamwanso tiyi amene anandipangira.

Pobwerera ndinadzera kwa mayi wa saluni. Anandimvetsera akuluka munthu, n'kufunsa ngati kapepala kaja ndili nako. Nditapukusa mutu, anati kulibe ofesi, kulibe manijala, kulibe woti n'kukamulirira. Izi anandiuza mokoma mtima, ine n'kuthokoza.

Kunyumba ndinapeza mwana wanga akusita. Pabedi panali sutikesi yotsegula, mabulangete awiri opinda bwino, ndi nsapato zoyera zimene anagula pa kaunjika n'kuzichapa kawiri.

"Mwabwera nayo, mama?"

Ndinavula nsapato zanga, n'kukhala pampando.

"Zimitsa ayironi," ndinatero. "Mayunitsi atsala ochepa."